M'zigwembe za Mulanje nthawi ya chilimwe

Lolemba

Tafika ku Likhubula dzuwa litapendeka, ine ndi muphwa wanga, mnyamata amene wangomaliza Fomu 4 chaka chino. Minibasi ya ku Limbe inatitsitsa pa Chitakale, ndipo pamenepo tinakwera njinga zamoto kutsata msewu wa ku Phalombe, phiri lili kudzanja lamanja. Kunja kukutentha koopsa. Nyenje zikulira moti polankhula umachita kukweza mawu, ndipo utsi wa lupsa waphimba Chambe, imodzi mwa nsonga za phirili, akungooneka mbuu.

Sitinabwere kudzakwera Sapitwa. Anthu ambiri akamva za Mulanje amaganiza za nsonga ya mamita 3,002 ija ndi zogona m'nyumba zamatabwa za pamwamba. Ife tikufuna za m'munsi. Tizilowa m'chigwembe m'mawa, tizitsata madzi chokwera mpaka pomwe mtsinje utilolere, kenako tizibwerera kudzagona pansi tsiku lomwelo. M'menemo mulibe njira yolambula, mulibe mivi yopakidwa penti pamiyala. Njira ndi mtsinje womwewo.

Nyengo yake ndi ino basi. M'dzinja mitsinje ya phirili siyandikirika. Mu Juni ndi Julayi madzi amakhala achepako, koma ndi ozizira zedi, ndiye chiperoni chikagwa munthu wonyowa miyendo amaona mavuto. Okutobala ndiye mwezi umene madzi atsika, matanthwe auma, ndipo kunyowa kumakhala mpumulo. Choipa chake n'chakuti mvula yoyamba ili pakhomo.

Ku ofesi ya zankhalango tinalembetsa maina, ndipo anatipezera wotiperekeza. Ndi bambo wa m'mudzi wapafupi pomwepa, wamfupi, wa mawu ochepa. Akuti anayamba ngati pota, kusenza zikwama za alendo, ndipo pa unyamata wawo ankathamanga nawo mpikisano wa mapota umene umachitika chaka ndi chaka mu Julayi. Nditawafotokozera zomwe tikufuna anakhala kaye chete, n'kuyang'ana nsapato zathu.

"Achimwene, zotheka," anatero. "Koma mumvetse. Ndikati tituluke m'madzi, tituluka osafunsa chifukwa. Chifukwacho ndikakuuzani tili pamtunda. Ndipo wani koloko ikakwana, kaya kutsogolo kukukoma bwanji, tibwerera."

Ndinagwirizana nazo ndi mtima wonse. Phiri lino lameza anthu, ngakhale alendo akunja amene anakwera okha atasiya owaperekeza, monga wa ku Netherlands mu 2003 ndi wa ku Brazil mu 2009. Amenewo anali m'njira zodziwika za ku Sapitwa. Kuli bwanji m'chigwembe momwe foni sigwira ndipo kukuwa kwa munthu kumamezedwa ndi mkokomo wa madzi? Amene akuwerenga izi n'kukhumbira, asayese yekha. Ndalama ya wokuperekezani ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe maso ake amaona.

Tagula nthochi, mtedza wokazinga ndi chinangwa chophika cha mawa. A gaidi anatiuza kuti tisavale majombo olemera. Nsapato za labala yofewa ndiye zimagwira thanthwe lonyowa.

Lachiwiri

Tinanyamuka kusanawale bwino, kutsata njira ya Chapaluka. Ola loyamba ndi la aliyense: njira yotakata, amayi otsika kale ndi mitolo ya nkhuni, ana asukulu. Tinafika pa Dziwe la Nkhalamba, pamalopo popanda munthu wina. Mathithi ake achepa mphamvu mwezi uno, koma dziwelo ndi lakuya ndithu, lakuda chapakati, ndipo mwafa anthu odziwa kusambira. Akuluakulu a kuno amati ndi malo a mizimu, ndipo kale ankathirapo nsembe. A gaidi anavula chipewa titafika, anangoti tisachite phokoso. Muphwa wanga anafunsa za nkhani ija yoti m'phirimu munthu umatha kupeza chakudya chophikaphika chopanda mwini. Iwo anayankha mosaseka kuti anakula akuuzidwa kuti ukachipeza uzidya wekha, osaitana mnzako, osatengako kupita nacho kumudzi. Chikhulupiriro chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe bungwe la UNESCO linaikira phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu Julayi 2025.

Kumtunda kwa mathithi tinasiya njira n'kutsikira mumtsinje. Apa ndiye panayambira ulendo weniweni.

Kuyenda mumtsinje wa m'phiri ndi ntchito ya thupi lonse. Miyala ya Likhubula ndi ikuluikulu, yosalala, yoti mnzako akakhala kuseri simuonana. Pena umadumpha, pena umakwawa, pena umalowa pansi pa miyala iwiri yotsamirana chikwama uli nacho m'manja. A gaidi anatiphunzitsa kuwerenga mtundu wa thanthwe. Lotuwa ndi louma, phazi limagwira. Lakuda lonyezimira lili ndi ndere, ndipo n'loterera ngati therere. Chodabwitsa n'chakuti mwala womira m'madzi othamanga umagwira bwino kusiyana ndi umene uli m'mphepete, wongowazidwa ndi madontho, chifukwa mchenga woyenda ndi madzi umaupala tsiku ndi tsiku. Ndiye malangizo awo anali akuti tisaope kunyowa. Amene amagwa kawirikawiri ndi amene akuteteza nsapato.

Anatiletsanso kupondana chidendene pokwera. Wapatsogolo akagumula mwala, wapambuyo akhale ndi mpata wozinda. Ndipo dzanja lisalowe m'ming'alu yomwe diso silinaonemo, chifukwa mwezi uno njoka zimatsikira kumadzi.

Patadutsa maola awiri tinali titayenda kamtunda kochepa, koti panjira yabwino ndi mphindi makumi awiri. Sindinadandaule. Liwiro lotere ndi limene limapatsa maso mpata. Pamatanthwe pali mayenje ozungulira bwinobwino, ena akuya kufika m'chiuno, ndipo pansi pa lililonse umapeza timiyala tobulungira. Timiyalato ndiye timaboola. M'dzinja madzi amatizunguza m'dzenjemo chaka ndi chaka mpaka mwala wolimba ngati umenewu, umene akatswiri amati unauma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, umagonja. Muphwa wanga anapisa dzanja m'dzenje lina, nkhanu yofiirira n'kutulukamo chammbali. Tinaona atombolombo pamwamba pa madzi, ndowe za mbira pakhomo pa phanga, ndi gulu la anyani limene linatiyang'anitsitsa lili pathanthwe tsidya lina, osasuntha.

Tinadyera pa dziwe lina laling'ono lopanda dzina. Madzi ake ndi oyera moti mchenga wapansi umaoneka ngati uli pafupi, koma ukalowa umapeza akufika m'khosi. Kunja thanthwe likuotcha mapazi, m'madzi mano akuguguda. Tinasamba, n'kugona chagada pamwala kuti tiume.

Ndili chigonere ndinakumbukira kuti ena mwa madzi amenewa ndimamwa kunyumba. Kuyambira 2019 mapaipi a Blantyre Water Board amatenga madzi a Likhubula kupita nawo ku Nguludi, kumene amawayeretsa asanalowe mumzinda. Ntchitoyo isanayambe anthu a kuno anakana kwa kanthawi, ankafuna kuti mitengo ibzalidwe kaye m'phirimu. Ife a m'tauni tinkaona ngati akungovuta. Lero nditaona kuchepa kwa mtsinjewu mu Okutobala, ndaona kuti anali ndi mfundo.

Wani koloko inatipeza pansi pa mathithi ena aatali, makoma a miyala mbali zonse. Tinatembenuka. Kutsika n'kovuta kuposa kukwera, chifukwa suona pomwe phazi likukatera, ndiye malo ambiri tinatsika chokhala. Tafika kogona mawondo akunjenjemera, koma opanda bala.

Lachitatu

Lero sikunali kosangalatsa ngati dzulo, koma ndi tsiku limene sindidzaliiwala msanga.

A gaidi anatitengera m'khwawa lina la kumpoto kwa Likhubula, m'munsi mwa khoma la Chambe. Khoma limenelo ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700, ndipo okwera miyala ndi zingwe amalitchula kuti ndi lalitali kuposa onse mu Africa. Ukaliyang'ana uli pansi pake khosi limawawa. Mbali ino ndi youma. Mitengo yake ndi ya m'tchire lathu lomwe timalidziwa: tsamba, mombo, masuku. Masamba atsopano a tsamba atuluka ofiira, ena ayamba kubiriwira, ngakhale mvula sinagwe. Masuku ayamba kupsa. Tinatola ogwa okha pansi, n'kumamwa tikuyenda.

Mdani wa mbali ino ndi chitedze. Chayanga m'mphepete monse mwa khwawa, zikhokhombe zake zauma, ndipo ubweya wake umathothoka ndi kamphepo kokha. A gaidi ankatsogola ndi ndodo, akuloza kumene chili, ife tikudutsa chowerama malaya atamangidwa mpaka m'khosi. Ngakhale zinali choncho, muphwa wanga chinamupeza pamkono. "Malume, ndapsa!" Iwo anamugwira dzanja kuti asakande, anatapa dothi lonyowa pansi pa mwala n'kumumata. Litauma analichotsa, ubweya wambiri n'kuchoka nalo limodzi.

M'khwawamo munalibe madzi oyenda. Munali timadziwe tobiriwira apa ndi apo, todzaza ndi njuchi. A gaidi anati ali mwana khwawa limeneli silinkaphwa, ankaweramo nkhanu ngakhale mu Novembala. Titakwera pang'ono ndinaona chifukwa chake. Mbali zonse ziwiri ndi zitsa zokhazokha, zina zatsopano, utomoni udakatuluka. Tinadutsa mauvuni a makala, ena ozizira, amodzi akufuka. Lupsa ladutsamo posachedwa, phulusa likufika m'kakolo, ndipo timitengo tomwe tinkaphukira pazitsa tapserera.

Kenako tinafika pa bala la Freddy. Namondwe uja wa mu Malichi 2023 anagumula phirili malo ambiri, ndipo ngakhale uli pamsewu umaona mizere yoyera yotsika kuchokera pamwamba. Koma kuima m'kati mwa mzere umodzi n'chinthu china. Khwawa lomwe m'munsi linali loti n'kudumpha, apa latambasuka moti kuitana mnzako tsidya lina n'kofuula. Nthaka yonse inapita, patsala mwala wosendeka. Mitengo ikuluikulu ili chigonere pakati pa miyala, yopanda makungwa, mizu m'mwamba. A gaidi sanalankhule zambiri pamenepa. Anangoti m'midzi ya m'munsi mwa phiri, kuno ndi ku Phalombe, muli mabanja amene mpaka lero sanaike maliro a abale awo chifukwa matupi sanapezeke.

Ndisanamizire kuti makala okha ndiwo anagwetsa phiri. Mvula ya masiku amene aja inali yoti ngakhale malo a nkhalango yabwino anagumuka. Koma m'mphepete mwa balalo zinkaoneka poyera: pomwe panali mitengo yambiri matope anaima msanga, pomwe panali zitsa anapitirira.

Pobwerera tinakumana ndi mnyamata atasenza thumba la makala lalitali kumuposa, thukuta lili kamukamu, kumapazi patapata woduka. Anatipatsa moni mwaulemu, maso ali pansi, n'kupatuka kuti tidutse. Sindinathe kumukwiyira. Thumba limenelo likupita ku Limbe kapena ku Bangwe, ndipo ogula ake ndi ife amene magetsi akazima timakoleza mbaula. Nkhalango ino inatetezedwa ndi lamulo mu 1927, koma lamulo silinapatse mnyamatayu ntchito ina, ndipo silinapatse ife chophikira china chotsika mtengo.

Madzulo pachipata anyamata osemasema anatizungulira ndi timabokosi ndi ndodo zonunkhira mkungudza. Mtengo umenewu umamera mwachilengedwe pa Mulanje pokha, pamwamba penipeni, ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Chiswe sichiudya, n'chifukwa chake ocheka matabwa anautha. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala m'phiri lonse. A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi midzi yozungulira akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, koma mbande imafuna zaka makumi angapo popanda moto. Fungo la kabokosi kaja ndi lokoma zedi. Sindinagule.

Lachinayi

Tsiku lopumitsa miyendo. Tasamuka ku Likhubula kubwera mbali ya kummwera, kudzera pa boma, kutsata msewu wa ku Muloza. Ukangokhota phiri dziko limasintha. Minda ya tiyi ili biriwiri ngakhale chilimwe chafika pachimake, mpweya ndi wachinyontho, m'mphepete mwa msewu muli nanazi, nthochi ndi mapeyala. Mphepo yochokera ku nyanja ya mchere kudzera ku Mozambique imagunda mbali ino poyamba n'kukhuthula mvula yake kuno, ya ku Phalombe n'kutsala youma. N'chifukwa chake azungu anayamba kulima tiyi kuno m'zaka za m'ma 1890.

A gaidi abwera nafe, ndipo apeza mnzawo wa kuno woti atitsogolere mawa. Akuti chigwembe chilichonse chili ndi eni ake, iwo sangayerekeze kudziwa mtsinje wa Ruo monga adziwira Likhubula. Mawu amenewa andipatsa chikhulupiriro mwa iwo kuposa china chilichonse.

Kunyumba kwa mnzawoyo anatipatsa kalongonda ndi thobwa. Mayi a pakhomopo anafotokozera muphwa wanga kuti kalongonda amaphikidwa tsiku lonse, madzi akutayidwa kangapo, apo ayi amaledzeretsa koopsa. Mnyamatayo anadya mbale yonse.

Lachisanu

Ruo. Ndikulemba izi zala zikuwawa, koma ndikufuna ndizilembe zisanazilale.

Tinadutsa m'minda ya tiyi ya Lujeri m'mamawa, titapempha chilolezo pachipata, othyola tiyi akuyamba kumene ntchito madengu ali kumsana. Kumapeto kwa minda kuli nyumba ya makina opangira magetsi ndi madzi a mtsinjewu. Kupitirira apo tiyi amatha mwadzidzidzi, ndipo umalowa mumdima wa nkhalango.

Ndinakulira m'dziko lino, koma nkhalango yotere ndinali ndisanalowemo. Mitengo ya mbawa ndi ina yomwe maina ake a gaidi ankatchula m'Chilomwe yakwera mowongoka, nthambi zoyamba zili kutali m'mwamba. Zilambe zonenepa ngati mkono zalendewera paliponse. Pamakungwa pamera ndere ndi timaluwa, ndipo m'mphepete mwa madzi muli zomera za masamba otambalala a manyenje, zazitali kuposa munthu. Pansi ndi pofewa, pachinyezi, mu Okutobala! Nyenje zomwe zatigonthetsa sabata yonse kuno kulibe. M'malo mwake tinamva kulira kokhuthala kwa nkhulukulu, kenako ina inauluka kudutsa mtsinje, mapiko ake ofiira piriwiri pakati pa zobiriwira. Nchima zinathawa m'mwamba, nthambi zikugwedezeka, ife tinangoona michira.

Mnzawo wa a gaidi ndi mnyamata wochangamuka, wa maso akuthwa. Anatiimika mwadzidzidzi n'kuloza pansi: linthumbu, mzere wakuda wodutsa pomwe timati tiponde, asilikali ake atayasamula m'mphepete. Tinadumpha mmodzimmodzi, kenako aliyense anadzikutumula thalauza. Patsogolo pang'ono anatyola kanthambi n'kutionetsa kananzikambe kofiirira, kosatalika kuposa chala changa chaching'ono, kofanana ndi tsamba louma. Ine ndikanadutsa kambirimbiri osakaona. Phiri lino lili ndi mitundu ya ananzikambe, achule ndi zomera yosapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo yambiri imadalira nkhalango ya m'zigwembe ngati imeneyi. Nkhalango ya Chisongeli, chakum'mawa kwa kuno, inali yaikulu kuposa zonse za mtundu umenewu m'phirili, koma inatha pafupifupi yonse. Ya mu Ruo yapulumuka kwambiri chifukwa cha kutsetsereka kwa malo. Nkhwangwa imafika pomwe phazi lafika.

Ruo ndi wamkulu kuposa Likhubula, ndipo ngakhale mwezi uno ali ndi mphamvu. Sitikanatha kuyenda m'kati mwake monse. Tinkatsata gombe limodzi mpaka khoma litatitsekera, n'kuwoloka, n'kutsata linalo. Powoloka anatiphunzitsa kuyang'ana kumtunda kwa madzi, ndodo patsogolo, kusuntha phazi limodzi lina litakhazikika, malamba a chikwama atamasulidwa kuti ukagwa uchivule msanga. Malo abwino owolokera si opapatiza ayi. Ndi otambalala, pomwe madzi amwazika ndipo akuoneka timafunde ting'onoting'ono. Pomwe ali phee ndi pakuya, pomwe achita thovu ndi pa liwiro.

Pamalo ena mtengo waukulu unagwa chopingasa pamwamba pa dziwe, ndipo unali mlatho wokhawo. Unali wonyowa, wandere. Anyamata awiriwo akanatha kuyenda choimirira, koma a gaidi anatikhazika tonse chokwera pamsana pake, n'kumadzikoka ndi manja pang'onopang'ono. Pakati pa mtengowo ndinayang'ana pansi. Madzi anali obiriwira, akuya, akuzungulira mwakachetechete, ndipo mphepo yozizira inkachokera m'menemo kukwera m'miyendo. Muphwa wanga anafika tsidya ali chete, kenako anaseka mokweza, chimwemwe chokhachokha.

Kutsogolo, kudzera m'mipata ya masamba, tinkaona mathithi a Ruo akutsika pakhoma la phiri, kamzere koyera kakutali. Sitinawafike, ndipo sitinayembekezere kutero. Nthawi yobwerera inatipeza pamalo pomwe chigwembe chapanikizana, makoma awiri ayandikana, mtsinje wonse ukudutsa pakati ndi mkokomo woti kulankhulana n'kwa manja. Tinakhala pathanthwe n'kudya chinangwa chathu. Madzi amenewa akatuluka m'phiri amakakhala malire a Malawi ndi Mozambique, amakagwa pa mathithi a Zoa, n'kukathira mu Shire ku Chiromo. M'dzinja ndi omwewa amene amasowetsa mtendere anthu a ku Makhanga ndi madera ena a ku Nsanje. Kuwaona pano ali oyera, oti n'kumwa ndi manja, n'kovuta kukhulupirira.

Potuluka m'nkhalango chamadzulo ndinaona a gaidi akuyang'ana kumwamba nthawi yaitali. Pamwamba pa phiri panali mitambo yoyera yotukumuka, yoyamba kuiona sabata ino.

Loweruka

Tinapangana zolowa mu Lichenya, kuchokera chakumidzi ya ku Bondo, kumene anthu amayatsa magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje womwewu. Kunacha kowala, koma kotentha mwa mtundu wina, kwa chitungu, thukuta losauma. A gaidi anati tipite, koma lero sitidikira wani koloko, ndipo sitilowa pamalo popanda potulukira.

Ndinaona kuti kayendedwe kawo kasintha. Pa khona iliyonse ankaima, kuyang'ana magombe onse awiri, n'kutiuza kuti, "Zikavuta, apa tikwera uku." Tikayenda pang'ono, chimodzimodzi. Muphwa wanga anafunsa chifukwa chake, poti dzuwa likuswa mtengo. Iwo anafotokoza kuti mvula yoopsa si imene ikukunyowetsa, koma imene ikugwa pamwamba iwe osaiona. Kumwamba kuja ndi matanthwe ndi udzu waufupi, ndiye mwezi uno udzuwo wapsa. Madzi alibe powagwira. Amasonkhana kuchokera m'makwawa onse n'kulowa m'chigwembe chimodzi, kutsika mamita oposa 1,000 pakamtunda kochepa.

Chakuma 11 koloko bingu linagunda kutali, kuseri kwa phiri. Tinapitirira pang'ono. Kenako a gaidi anawerama n'kutapa madzi m'manja. Ine ndinaona madzi basi. Iwo anandionetsa timakala ta udzu wopsa tikuyandama, ndi masamba ouma angapo akutsika motsatizana. Anayang'ana mwala umene tinapondapo mphindi zochepa zapitazo: pamwamba pake, pomwe panali pouma, madzi anali atayamba kunyambita.

"Tituluke."

Palibe anafunsa. Tinakwera gombe lakumanzere chokwawa, kugwira mizu ndi nsungwi, mpaka pa kamtunda kotalika bwino. Mphepo yozizira inatsika m'chigwembe, yonunkha dothi lonyowa. Kenako tinamva mkokomo wosiyana ndi wa madzi omwe tinazolowera, wapansipansi, ndi kugundana kwa miyala. Madzi anafika akuda bii ndi phulusa, atasenza zinyalala, nthambi ndi chipika chimodzi chachikulu chikugubuduzika. Sanali chikhoma chamadzi ayi. Anangokwera mosalekeza, ndipo pasanathe mphindi khumi matanthwe onse amene tinadutsapo anali atamira. Pomwe tinaimapo dzuwa linali likuwalabe, dontho ngakhale limodzi lisanatigwere.

Muphwa wanga anagwira mkono wanga. "Malume, ndiye Napolo ameneyu?" A gaidi anapukusa mutu. Anati ichi ndi chizimalupsa chabe, kamvula koyamba kotsuka phulusa. Napolo ndi uja anatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 n'kukokolola Phalombe, kapena wa ku Zomba mu 1946 amene agogo awo ankasimba. Ameneyo, anatero, ngakhale pomwe taima pano sipakanakhala pothawira.

Kubwerera kunali kwa pamtunda, m'tchire lowirira, chifukwa mtsinje unali utatseka njira yathu. Mnyamata wa ku Ruo uja anapeza kanjira ka otola nkhuni kamene kanatifikitsa m'minda ya nanazi. Mvula inatipeza tili pafupi ndi mudzi, yamadontho akuluakulu, ndipo tinabisala pakhonde la golosale pamodzi ndi amayi amene ankakambirana zoti mawa ayambe kubzala chimanga kapena adikire kaye ina.

Pamenepo tinawerengera a gaidi ndi mnzawo ndalama zawo, ndi kena kapamwamba. Ndinafunsa ngati tingayesenso Lichenya madzi akatsika mawa. Anakana. Akuti mvula ikangoyamba saperekezanso munthu mumtsinje, ngakhale kutacha bwino chotani, mpaka chaka chamawa Ogasiti akadutsa. Amene akufuna phiri m'dzinja ayende m'njira zodziwika, ndipo awoloke mitsinje m'mawa. Tikwera minibasi yoyamba ya ku Limbe mawa kukacha.